Dzanzi la m'manja: kodi opaleshoni yatsopano yoyang'ana ndi sikani ili ndi ngozi?

CHADIZA – Nyengo yokolola ikafika m'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, manja sapuma. Kutonola cimanga, kuswa nshawa, kutola thonje, kusinja ndi kucapa, zonsezi zimalemera pa zala ndi pamfundo ya dzanja. Ndi nthawi ngati imeneyi pamene anthu ena, makamaka amai a zaka zapakati pa 40 ndi 60, amadzidzimuka pakati pa usiku zala zitacita dzanzi ndiponso zikulasalasa ngati muli minga, nayamba kukutumula dzanja kuti litsitsimuke. Ena amati analigonera. Ena amati magazi sayenda bwino, ndipo enanso amapita kukatemera mphini. Koma kawirikawiri awa ndi matenda odziwika bwino kwa madotolo, ochedwa carpal tunnel syndrome, ndipo amacizika.

M'zaka zaposacedwa kwabuka njira yatsopano yocitira opaleshoni ya matendawa. M'malo motsegula cikhatho kuti aone ndi maso, dotolo amaboola kabala kakang'ono cabe, ndipo amayang'ana mkati pogwiritsa nchito makina a sikani, a mtundu umene amai apakati amaudziwa kale. Zipatala ndi makampani a kunja amailengeza kwambiri pa intaneti, akuonetsa odwala akubwerera ku nchito patangopita masiku ocepa. Kodi njirayi ndi yotetezeka? Nanga munthu wa ku Chadiza ayenera kuiyembekezera?

Zimene ofufuza apeza kufikira tsopano zionetsa kuti m'manja mwa dotolo wophunzitsidwa bwino, njirayi ilibe ngozi yoposa ya njira yakale, koma siiposanso yakaleyo pa kuciritsa. Kwa mlimi amene zala zake zayamba kale kufooka, ngozi yaikulu ili pa kucedwa.

Cimene cimafinyika m'dzanja

Pamfundo ya dzanja, pamene timabvala wochi, pali timafupa 8 tosanjana ngati ngalande. Pamwamba pa ngalandeyo, cakumbali ya cikhatho, padutsa lamba wolimba amene amaitseka ngati denga. M'kampata kameneka mumadutsa zingwe 9 za minofu zimene zimapinda zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi wofewa wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi dzanja, umene madotolo amaucha median nerve. Umenewu si mtsempha wa magazi. Ndiwo umacititsa kuti cala cacikulu, camkombaphala, capakati ndi theka la cala ca mphete zizimva cimene zakhudza, ndiponso ndiwo umalamulira kamnofu kotukuka kamene kali patsinde pa cala cacikulu.

Mafupa satanuka, ndipo lambayo satanukanso. Conco ciliconse cikatupa m'kampatako, cimene cimafinyika ndi mtsempha uja, popeza ndiwo wofewa pa zonse. Ndiye cifukwa cake dzanzi la matendawa limagwira zala zitatu ndi theka, koma kacala kakumapeto limakasiya, pakuti iko kamalandira mauthenga kucokera ku mtsempha wina. Usiku bvutoli limakula cifukwa ambiri timagona titapinda dzanja, ndipo kupindako kumacepetsa mpata.

Akazi amadwala matendawa koposa amuna. Zina zimene zimawaitana ndi kukhala ndi pakati, matenda a shuga, kunenepa kwambiri, cithokomiro cosagwira bwino nchito, nyamakazi yotupitsa mfundo, ndi fupa la pamfundo limene linathyokapo. Palinso nchito. Kunja anthu amakonda kuloza cala makompyuta, koma umboni wolimba uli pa nchito zofuna kugwira mwamphamvu mobwerezabwereza ndi pa zida zonjenjemera. Kwathu kuno zimenezo ndi khasu, nkhwangwa, munsi, nyundo ya ophwanya miyala ndi zigwiriro za njinga yamoto pa mseu wokumbika.

Matendawa akalekereredwa, dzanzi limasanduka la usana ndi usiku, kamnofu ka patsinde pa cala cacikulu kamafota, ndipo munthu amayamba kulephera kumanga batani, kutola singano kapena kugwira kapu. Mtsempha umene wafinyika zaka zambiri sungabwerere mwakale kotheratu ngakhale opaleshoni itayenda bwino.

Colinga cimodzi, njira zitatu

Opaleshoni iliyonse ya matendawa ili ndi colinga cimodzi: kudula lamba uja kuti denga litseguke ndipo mtsempha upeze malo. Lambayo amadzapola yekha atatalikirako pang'ono. Kusiyana kwa njirazi kuli pa mmene dotolo amafikira pa lambayo ndi mmene amaonera cimene akudula.

Njira yakale ndi yoceka cikhatho. Dotolo wa ku London, James Paget, analemba za kufinyika kwa mtsempha umenewu mu 1854, ndipo James Learmonth wa ku Scotland anafotokoza za kudula lamba mu 1933. Amene anaicititsa kudziwika ponseponse ndi George Phalen wa ku Cleveland, m'dziko la America, kuyambira mu 1950. Masiku ano bala lake limakhala la masentimita awiri kapena atatu, ndipo nchito yonse imatha m'mphindi zocepa, wodwala ali maso.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Ichiro Okutsu wa ku Japan ndi James Chow wa ku America anayamba kulowetsa kakamera m'dzanja ndi kudula lamba kucokera mkati. Njira yacitatu, ya sikani, inayambanso ku Japan, kumene madotolo awiri, Nakamichi ndi Tachibana, anaifotokoza mu 1997. Yakula kwambiri m'zaka khumi ndi zisanu zapitazi, makina atayamba kuonetsa zithunzi zomveka bwino.

Mmene imacitikira ndi motere. Asanagwire mpeni, dotolo amayendetsa kamutu ka sikani pa dzanja kuti apeze mtsempha wa mauthenga, nthambi zake, mitsempha ya magazi, ndi pamene lamba ayambira ndi pamene athera. Pakati pa mtsempha wa mauthenga ndi mtsempha wa magazi wodutsa cakumbali ya kacala kakumapeto pali kamzere ka mamilimita ocepa, ndipo mpeni uyenera kudutsa m'kamzere kameneko basi. Akatero amalasa nyeleti yopha ululu pamalopo, naboola kabala cakumtunda pang'ono kwa mfundo. Ena amalowetsa kampeni kokhota ngati mbedza. Ena ali ndi cipangizo cobisa mpeni mpaka utafika pamalo pake. Palinso njira imene inafalitsidwa ku America mu 2015 ndi dotolo wina dzina lake Guo pamodzi ndi anzake, yozunguliza ulusi wolimba pa lamba ndi kuucekera uku ndi uku, monga mmene amai amadulira mtanda wa sopo ndi ulusi. Nthawi yonseyi maso a dotolo ali pa kanema. Kabalako kawirikawiri sikafuna kusoka.

Pali cinthu cimodzi cimene sikani imacita bwino ndithu, ndipo tiyenera kucibvomereza. Manja a anthu sali ofanana mkati. Dotolo wa ku Germany, Ulrich Lanz, anaonetsa mu 1977 kuti kanthambi kopita ku kamnofu ka cala cacikulu sikadutsa malo amodzi mwa anthu onse, ndipo mwa ena kamaboola lamba weniweniyo amene afunika kudulidwa. Mwa anthu ena mtsempha umakhala wogawika pawiri, ndipo mwa enanso mumakhala kamtsempha ka magazi kotsalira m'ngalandemo kucokera pamene anali m'mimba mwa amai awo. Sikani yabwino imaonetsa zambiri mwa zimenezi khungu lisanacekedwe. Dotolo wa njira yakale amaziona ndi maso atatsegula kale.

Zimene ofufuza apeza

Mu 2016, gulu la madotolo a ku Madrid, m'dziko la Spain, lotsogozedwa ndi Rojo-Manaute, linafalitsa zotsatira za kafukufuku woyerekeza bala la milimita imodzi loyang'ana ndi sikani ndi bala la masentimita awiri. Odwala a bala laling'ono anacira msanga m'masabata oyamba, ndipo ululu wa pabala unali wocepa. Mu 2023 kafukufuku wina wa ku America wochedwa TUTOR, wa odwala 122, anapeza kuti bala la njira ya sikani linali la mamilimita pafupifupi 6 pamene la njira yoceka linali la mamilimita pafupifupi 22. Dzanzi ndi ululu wa matendawa zinacepa mofanana m'magulu onse awiri, ndipo mabvuto anali ocepa mbali zonse. Omvera adziwenso kuti amene analipira kafukufuku ameneyu ndi kampani ya Sonex Health, imene imapanga cipangizo cogwiritsidwa nchito pa opaleshoniyo. Zimenezi sizitanthauza kuti zotsatira zake ndi zabodza, koma wogulitsa mbuzi akamaiyamikira, wogula amaiyang'anabe mano.

Tsopano tiyike ziwerengero zimenezi pambali pa za njira zozolowereka. Ofufuza a ku England anawerenga maopaleshoni oposa 850,000 a matendawa amene anacitika m'dzikolo kuyambira 1998 mpaka 2017. Mabvuto aakulu, monga bala lobvunda mpaka wodwala kugonekedwa kapena kubvulala kwa mtsempha kofuna opaleshoni ina, anapezeka mwa anthu ocepera mmodzi pa 1,000 alionse. Pafupifupi 3 pa 100 alionse anafunika kucitidwanso opaleshoni pambuyo pake.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngozi imene imagwera munthu mmodzi pa 1,000 siingaoneke bwino pa kafukufuku wa anthu 100 kapena 200. Kuti munthu anene motsimikiza kuti njira ya sikani ndi yotetezeka koposa yoceka, pafunika odwala zikwi zambiri otsatiridwa kwa zaka. Cimene tinganene lero ndi cakuti mabvuto ake aoneka ocepa, bala limapola msanga, ndipo pakatha miyezi ingapo wodwala wa njira iyi ndi wa njira ija amakhala cimodzimodzi. Tikumbukirenso kuti zotsatira zofalitsidwazi zacokera kwa akatswiri amene acita opaleshoniyi kambirimbiri, ena mwa iwo ndiwo anaiyambitsa.

Pamene ngozi ikhalira

Kucepa kwa bala sikucotsa zinthu zimene zili pafupi ndi mpeni. Mtsempha wa mauthenga kapena nthambi yake ingadulidwe, ndipo zikatero dzanzi kapena kufooka kungakhale kwa moyo wonse. Mtsempha wa magazi wokhota ngati uta umene uli m'cikhatho, pafupi ndi pothera lamba, ungabooledwe. Lamba angadulidwe mosamaliza, ndiye kuti dzanzi silicoka ndipo wodwala abwereranso pa tebulo. Bala lingalowe tizirombo. Palinso ululu wa m'mbali mwa cikhatho umene ena amaumva kwa miyezi ingapo akatsamira dzanja, ndipo umenewu umabwera pa njira iliyonse cifukwa lamba wadulidwa ndithu.

Koposa zonse, njirayi imadalira munthu. Cithunzi ca sikani ndi mithunzi yakuda, yoyera ndi yotuwa, ndipo kusiyanitsa mtsempha ndi cingwe ca mnofu pa cithunzi cotere ndi luso lophunzira nthawi yaitali. Dzanja lina la dotolo limagwira kamutu ka sikani, lina limagwira mpeni. Nsonga ya mpeni ikangotuluka m'cithunzi, dotoloyo akudula mumdima, ndipo pamenepo njira yochedwa yamakono imakhala yoopsa koposa yakale. Ndiye cifukwa cake ophunzira amayambira pa mitembo yoperekedwa ku masukulu a udotolo, kenaka pa odwala pali wowayang'anira. Dotolo wabwino amadziwanso nthawi yoleka: akaona kuti mkati simuoneka bwino, kapena muli cotupa, kapena dzanjalo linacitidwapo kale opaleshoni, amasankha kutsegula.

Wina angati popeza sikani ili kale m'zipatala zathu, cobvuta n'ciani? Zoona, mtundu wa makina ndi umodzi, ndipo onse amagwiritsa nchito mafunde a mau osamveka ndi khutu, osati ceza ca X-ray, conco sikaniyo payokha siibvulaza. Koma kamutu koyang'anira mwana m'mimba kanapangidwa kuti kaone patali mkati mwa thupi, pa mphamvu ya megahertz 2 mpaka 5. Kuona kanthambi konga ulusi pansi pa khungu kumafuna kamutu kena ka megahertz 12 kapena kuposa. Zipangizo zina zodulira ndi zogwiritsa nchito kamodzi n'kutaya, ndipo ndi zodula mtengo. Makinawo afunanso magetsi osadukiza kapena batire yodalirika, cinthu cimene aliyense wokumbukira kuzima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, sangacione mopepuka.

Njira yoceka imafuna zocepa: cipinda caukhondo, kuwala kokwanira, zida zophikidwa bwino ndi nyeleti yopha ululu. Dotolo wa ku Canada, Donald Lalonde, anafalitsa macitidwe osakaniza mankhwala a lidocaine ndi adrenaline, amene amapha ululu ndi kucepetsa magazi panthawi imodzi, kotero kuti wodwala sagonekedwa tulo ndipo mkono sumangidwa. Amapita kunyumba tsiku lomwelo. Imeneyi ndiyo opaleshoni imene madotolo ambiri a mafupa ndi a opaleshoni anaphunzira, ndipo mbiri ya citetezo cake ndi yaitali.

Si dzanzi lililonse

Palibe opaleshoni yotetezeka imene imacitidwa pa matenda olakwika. Pamenepa tiyenera kucenjera kwambiri kuno kwathu, pakuti zocititsa dzanzi ndi zambiri. Matenda a shuga amaononga mitsempha ya mauthenga, kawirikawiri kuyambira ku mapazi onse awiri. Kacirombo ka HIV kamacita cimodzimodzi, ndipo mankhwala akale a stavudine, amene analekedwa cifukwa ca mabvuto otere, anasiya ena ndi dzanzi. Mankhwala a isoniazid a cifuwa ca TB angabweretsenso dzanzi, ndiye cifukwa cake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Wodwala asaleke mankhwala alionse payekha, auze acipatala. Khate limagwira mitsempha ya m'manja, nthawi zambiri kuyambira ku kacala kakumapeto, ndipo limabwera ndi mawanga osamva kukhudza pakhungu. Mtsempha wofinyika m'khosi umatumiza dzanzi kutsika mkono wonse. Ndipo dzanzi kapena kufooka kobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa kupotoka kapena mau kusamveka, cingakhale sitiroko: ameneyo athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo.

Kupima kumayamba ndi mafunso ndi manja. Wacipatala amafunsa zala zimene zimacita dzanzi ndi nthawi yake, amagogoda pamfundo kuti amve ngati zala zilasa, ndipo amapinditsa manja kwa mphindi imodzi, kupima kumene kuli ndi dzina la Phalen uja. Amayang'ana kamnofu ka cala cacikulu ndi kupima shuga. Kumene kuli zida, amapima liwiro la mauthenga m'mtsempha ndi timagetsi tocepa, kapena amayeza kutupa kwa mtsempha ndi sikani.

Si onse afunika mpeni. Matenda akakhala oyamba kumene, comangira dzanja usiku kuti lisapindike cimathandiza ambiri. Nyeleti ya mankhwala ocepetsa kutupa, yolasidwa m'ngalandemo ndi munthu wodziwa, imacotsa dzanzi kwa masabata kapena miyezi, ngakhale kuti mwa ambiri limabwereranso. Kafukufuku wamkulu wa ku Netherlands wofalitsidwa mu 2025 anapeza kuti patapita miyezi 18, amene anayamba ndi opaleshoni anacira ambiri koposa amene anayamba ndi nyeleti. Kwa amai apakati, dzanzi kawirikawiri limatha okha akabereka, conco madotolo amayamba ayembekeza. Mphini zimangoceka khungu, pamene lamba wofinya mtsempha ali pansi pake, ndipo lumo logwiritsidwa nchito pa anthu angapo lili ndi ngozi zakezake.

Njira ya munthu wa ku Chadiza imayambira pa kiliniki ya pafupi, kucoka apo ku cipatala ca boma ca Chadiza, ndipo kukafunika katswiri, kalata imamutumiza ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, kapena ku UTH mu Lusaka. Kwa zaka zambiri bungwe la FlySpec, limene Professor John Jellis analiyambitsa mu 1982, linkafikitsa madotolo a mafupa pa ndege ku zipatala zakutali, kuphatikizapo za cigawo ca kum'mawa, ndipo ndi bwino kufunsa pa cipatala ca boma za masiku amene akatswiri oyendera amabwera.

Amene angapatsidwe mwai wa njira ya sikani, kaya pa cipatala colipira kaya kunja kwa dziko, ali ndi ufulu wofunsa. Adotolo acitapo maopaleshoni angati a mtundu umenewu, ndipo anaphunzira kuti? Akaona zobvuta pakati pa nchito, kodi angathe kutsegula ndi kumaliza mwa njira yakale pomwepo? Dzanzi likapanda kucoka, adzamuona ndani, ndipo adzalipira ndani? M'dziko muno aliyense wocita opaleshoni ayenera kukhala wolembetsedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia, ndipo kufunsa za ciphaso cake si mwano.

Cotsala ndi nthawi. Pa njira yoceka, ulusi umacotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, nchito zopepuka zimayamba msanga, koma khasu ndi nkhwangwa ziyenera kuyembekeza masabata anai mpaka asanu ndi limodzi, mwina kuposa. Njira ya sikani imafupikitsa masiku oyambawo, ndipo kwa munthu wa mu ofesi phindu lake ndi loonekeratu. Kwa wolima ndi manja, lamba wodulidwa afunabe nthawi yake kuti apole. Mlimi amene matenda ake alola kusankha tsiku angakambirane ndi adotolo za miyezi ya August mpaka October, zokolola zitalowa m'nkhokwe ndipo mvula isanagwe. Koma amene dzanzi lake silicokanso usana, kapena waona kuti patsinde pa cala cacikulu payamba kulowa mkati, asayembekeze nyengo. Ndipo pambuyo pa opaleshoni ya mtundu uliwonse, bala likafiira, likatupa, likatuluka mafinya, thupi likatentha, kapena cala cikaleka kumva kumene cinali kumva kale, wodwala abwerere ku cipatala tsiku lomwelo.